Khoma Losafika Kudenga

Achimwene anga anali mmisiri wa mabwato, ndipo mudzi wonse unkangowatchula kuti Amisiri, ngakhale ana awo omwe. Anatisiya chaka chathachi. Anthu akamadutsa pa kachipatala kathu amaloza n'kunena kuti dzanja la Amisiri ndi limenelo, ine n'kuvomera, poti n'zoona. Koma ndikafika kunyumba mtima umandiwawa, masiku ena umandipsa kumene, chifukwa kachipatalako anakamanga ndi manja awo koma iwo anakalowamo mochedwa.

Ntchito ya mabwato anaiphunzira kwa bambo athu, ndipo pamodzi ndi ntchitoyo anatengerako kuuma mutu. Anali munthu wamtali, wamapewa otambalala. Pensulo sinkachoka kukhutu, misomali sinkachoka pakamwa. Ukawafunsa kanthu ali pantchito ankayankha misomali ili pakamwa pomwepo, iwe n'kumangomva kung'ung'udza, umasulire wekha ngati avomera kapena akana. Kawirikawiri ankakhala kuti akana. Msodzi akabwera kudzafotokoza mmene akufunira bwato lake, iwo ankamumvetsera mwaulemu mpaka amalize, kenako n'kukhoma mmene akufunira iwowo. Chonyansa chake n'chakuti mabwato awo sankamira, ndiye panalibe wowatsutsa.

Alamu anga, akazi awo, anamwalirira m'bwato. Anadwala mwadzidzidzi nthawi yamvula msewu utaduka, ndipo njira yopitira kuchipatala inatsala yapamadzi yokha, ulendo woti ukanyamuka m'mawa umakafika dzuwa litapendeka. Anatsirizikira pakati pa ulendo, mutu uli pamiyendo pa achimwene, m'bwato lomwe achimwenewo anakhoma. Nkhani imeneyi sankaikamba. Ana atakula anapita kutauni, nanenso amuna anga atamwalira ndinabwerera kwathu n'kumanga kanyumba kuseri kwa nyumba yawo. Ndinkawaphikira, kuwachapira ndi kukangana nawo. Tinkakhala bwino choncho.

Maganizo a chipatala anabwera ndi a Nesi. Mayi ameneyu anabadwira m'mudzi mwathu momwemu, n'kukagwira ntchito m'zipatala zakutauni mpaka kupuma. Atabwerera, m'malo mopumadi anayamba kuona odwala pakhonde pawo, nkhuku zikudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Tsiku lina anatiitana n'kutiuza kuti iwo adzagwira ntchito popanda malipiro ngati titamanga nyumba ya chipatalacho. Anati ali ndi anzawo kutauni, kuphatikizapo dokotala wina wachinyamata, omwe alonjeza malata, simenti ndi mankhwala, koma zina zonse zikhala za manja athu. Tinasankha komiti, Aphunzitsi n'kukhala wapampando chifukwa ndi amene ankatha kulankhula nthawi yayitali osatopa.

Sindinaonepo mudzi wathu utagwirizana ngati nthawi imeneyo. Azimayi tinkatuta mchenga ndi madzi. Asodzi akatsika m'mabwato ankapita molunjika kukasenza miyala, fungo la nsomba likadali m'malaya. Odzipereka akutauni aja ankabwera kumapeto kwa sabata atavala nsapato zoyera, n'kumabwerera manja ali matuza okhaokha. Tinkawaseka, koma kunena zoona palibe anathawa. Dokotala uja anafika pomatha kuumba njerwa, ngakhale njerwa zake tinkazizindikira patali chifukwa chopindika.

Achimwene anasiya mabwato onse pamchenga, eni ake akudandaula, n'kudzipereka kuntchitoyo. Denga, zitseko, mafelemu a mawindo, bedi loyezerapo odwala, zonse zinali zawo. Ankafika anthu asanafike n'kuchoka anthu atachoka. Sananene chifukwa chake, koma tonse tinkachidziwa. Ndi nthawi imeneyo pamene ndinawamvanso akuimba mluzu, chinthu chomwe anasiya chimwalirire alamu anga.

Nyumbayo itaima inali chipinda chimodzi chachikulu, ndipo panafunika kuigawa pawiri: kodikirira ndi koonera odwala. Njerwa zinali zitatha, ndiye anagwirizana zogawa ndi matabwa. Achimwene anakhoma khomalo mpaka kupitirira pang'ono mutu wa munthu wamtali, n'kutsika pamakwerero. Pamwamba, pakati pa thabwa lomaliza ndi malata, panatsala mpata waukulu.

"Amisiri, khomali lifike kudenga," anatero a Nesi. "Muno anthu adzanena zinthu zimene sanauzepo ngakhale amuna awo."

Achimwene analavulira misomali m'manja, chizindikiro choti nkhani yakula. "Amayi, inu mumadziwa jakisoni, ine ndimadziwa matabwa. Ndi nyumba iti m'mudzi muno imene khoma lamkati limafika kudenga? Mukatseka pamwambapo, malatawa akatentha odwala anu mudzawawotcha ngati nsomba."

Anawonjezera kuti matabwa otsalawo ndi ochepa: akapita kukhoma, benchi sipakhala, ndipo okalamba ndi amayi oyembekezera azikhala pansi pasimenti. A Nesi anayesa kufotokoza, koma komiti yonse inali mbali ya achimwene. Ife tonse tinakulira m'nyumba zotero. Bambo akatsokomola kuchipinda, ana pabalaza amamva, ndipo palibe amachiyesa chachilendo. Aphunzitsi analankhula kwanthawi yayitali za ubwino wa mphepo, anthu n'kuwomba m'manja. A Nesi anayang'ana mpata uja, n'kungoti chabwino.

Benchiyo inalidi yokongola. Inali yayitali kuchoka pakhomo mpaka pawindo, yopalidwa bwino yosakola chitenje. Pofuna kusunga matabwa, achimwene sanaiikire choyedzamira chake. Anaikhomerera kukhoma lomwe lija, kuti wodikira aziyedzamira pamenepo.

Tsiku lotsegulira, achimwene anavala malaya omwe ndinawasitira n'kukhala kumapeto kwa benchi, osati ngati wodwala koma ngati mwini ntchito. Ine ndinakhala pambali pawo. Oyamba kulowa anali amayi a ana, za malungo ndi chifuwa. Mawu awo ankamveka bwinobwino pabenchi, ndipo anthu ankangogwedeza mitu, ena mpaka kuthandizira kuyankha. A Nesi akafunsa kuti mwanayu wayamba liti kutentha thupi, wina kunja kuno ankati dzana, ndinamuona ine. Tinkaseka, tikuona ngati ndi zokoma.

Kenako analowa mkazi wa wosoka maukonde, mtsikana wofatsa amene anakwatiwa kuchokera kumudzi wina. Analankhula motsitsa mawu, koma malata aja ankatenga mawuwo n'kuwagwetsera pamitu pathu. Tinamva zonse: zoti zaka zikupita popanda mwana, zoti apongozi ake akumunena, ndi zoti vuto likuoneka kuti si lake koma la mwamuna wake. Anafotokoza ndi zakuchipinda zomwe. Pabenchi panali zii. Aliyense ankayang'ana zala zakumapazi kwake. Mbali yanga inayo kunakhala mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene tinkamutchula kuti a Wailesi, ndipo dzinalo sanalitole panjira. Ndinaona khosi lawo likutalika.

Mmene kunkacha, nkhani inali itafika kale kumabwato. Anyamata ankamufunsa wosoka maukonde uja ngati angamuthandize ntchito yapakhomo. Mwezi usanathe, mtsikanayo anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo. Achimwene anamva zonsezi monga tinamvera tonse, koma sanatchule kanthu.

Kuchokera pamenepo kachipatala kathu kanakhala ka ana, ka mabala ndi ka malungo. Munthu wamkulu akalowa, kaya chikumuvuta n'chiyani, ankangoti mutu. A Nesi ankati sanaonepo mudzi wodwala mutu ngati wathu. Anayesa kunong'ona, koma okalamba athu ambiri makutu ndi olemera, ndiye ankafunsa mokuwa kuti mwati chiyani amayi, n'kubwereza funso lonse kuti atsimikize. Anayesa kuuza odikira kuti akhale panja, koma dzuwa likawawa onse ankabwerera pabenchi. Anabweretsa wailesi yawo n'kuiika pawindo kuti izisokosa, koma a Wailesi athu aja ankaitsitsa, ati ikuwapweteka m'makutu.

Nkhani inabwereranso kukomiti, ndipo Aphunzitsi anatumidwa kwa achimwene. Anabwerako ndi yankho loti vuto si khoma, vuto ndi pakamwa pa anthu. Sanalakwitse kwenikweni, kungoti pakamwa pa munthu sungakhomepo thabwa. Mmisiri wina m'mudzimo munalibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, ndani akanalimba mtima kukonza ntchito ya Amisiri iwo ali moyo? Odzipereka akutauni nawo anali atapita kukathandiza kwina. Khomalo linakhala momwemo.

Za matenda awo ndinazidziwira pochapa. Ndinayamba kuona timadontho tofiirira pa mabuluku awo, ine n'kumati ndi dzimbiri la misomali. Kenako anayamba kuchapa okha zovala zamkati n'kumaziyanika m'nyumba, munthu amene chibadwire sanagwirepo sopo wochapira. Ali pantchito ankapita kuseri kwa shedi pafupipafupi, n'kukakhalitsako, pobwera thukuta lili kamukamu, nkhope itachita kumangika. Lamba anamuboola bowo lina, kenako linanso.

Zinthu zotere munthu sukamba ndi mlongo wako. Ndinayamba n'kuzungulira. Ndinkati a Nesi akukupatsani moni, ati simukuoneka. Iwo ankati abwezereni moniyo. Ndinkati mwaonda, iwo n'kuti ndiwe wophika, dzifunse wekha. Mapeto ake ndinatopa nako kuzungulirako. Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pa bwato lovundikira, atagwira m'chiuno, ndipo ndinaima patsogolo pawo.

"Achimwene, amachapa ndine. Magazi ndawaona."

Anayang'ana kumadzi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma mawu awo anatuluka otsika.

"Ndiye ukufuna ndikanene zimenezo mmene muja, benchi yonse ikumva? Khoma lija ndinakhoma ndine. Ndikudziwa mmene mawu amadutsira."

"Kalitsekenitu."

"Ndakana chaka chonse. Ndikalitseka lero, mawa mudzi wonse uzifunsa kuti Amisiri akufuna kubisa chiyani."

Ndinawauza kuti manyazi anapha lambe, iwo anati iwo si lambe. Ndinati ndiitane a Nesi abwere kunyumba, iwo anati tsiku limene ndidzachite zimenezo ndidzaphikire munthu wina. Ndinawaitanabe. A Nesi anabwera ndi mpando wothyoka mwendo kuti zioneke ngati abwerera zantchito. Achimwene anaukonza mpandowo bwinobwino, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu, akukamba za mitengo yabwino yamipando. A Nesi atawafunsa za thupi, anati ndi msana, ukalamba. Ine sanandilankhule masiku angapo. Za chipatala chachikulu sankafuna n'kumva komwe, poti pafunika anthu okuperekeza, ndipo operekeza amafunsa mafunso. Ankangogula mapilitsi opha ululu pagolosale n'kumameza ngati mtedza.

Mvula inabwera n'kupita. Ndinkawaona akutha tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkapsa mtima moti mbale ndinkaziika patebulo mochita kuponya. Munthu amene anamanga chipatala kuti wina asadzafere m'bwato ngati mkazi wake ankadutsa pakhomo pa chipatalacho m'mawa uliwonse, n'kupereka moni kwa odikira, n'kupitirira. Ndinalira, ndinatukwana, ndinalembera ana awo. Ana anaimba foni, bambo awo n'kuwauza kuti azakhali anu akukalamba, akuona zinthu zomwe palibe.

Nzeru inandibwerera mochedwa, ndipo imeneyi ndi imene imandipweteka kwambiri. M'mawa wina ndinawapititsira tiyi, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo, osawayang'ana.

"Achimwene, nanenso ndikudwala. Ndi za azimayi. Ndi khoma lija sindingakanene."

Linali bodza. Sanandifunse kalikonse. Anamwa tiyi wawo mpaka kumaliza, n'kudzuka kupita kushedi. Kumeneko, pansi pa malona, anasungako matabwa abwino kwambiri, omwe ankati adzakhomera bwato lawolawo akadzasiya kukhomera anthu. Ndinawamva akuwakoka limodzilimodzi, akupumira pakati. Mawu ochepa chonchi anali pakamwa panga nthawi yonseyi, ndipo ndikanawanena mvula isanayambe mwina bwenzi lero tikukanganabe.

Matabwawo tinanyamula awiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, tikutula panjira kangapo. Linali tsiku loti chipatala sichitsegula, koma anthu anabwerabe kudzaonerera. Achimwene anakwera makwerero pang'onopang'ono ngati munthu wosenza thumba. Thabwa lomwe kale ankalinyamula ndi dzanja limodzi, tsopano ndinkachita kulikankha ine kuchokera pansi, iwo n'kulilandira ndi manja onse awiri. Asodzi ena anafuna kuthandiza koma anawabweza. A Wailesi anafika naonso, n'kufunsa mokoma kuti kodi kwagwanji kuti Amisiri asinthe maganizo. Achimwene anayankha misomali ili pakamwa, ndipo palibe anamva chimene ananena.

Sanangokhoma matabwa basi. Analitseka khomalo mmene amatsekera bwato. Mumpata uliwonse pakati pa matabwa anakhomereramo chingwe chathonje ndi tchizulo, n'kumata phula pamwamba. M'mabowo a malata anatsekamo zidutswa zamasaka zoviika m'phula. Benchi anaizula n'kuisunthira kutali pang'ono ndi khoma, n'kuiikira choyedzamira chakechake. Kenako anaboola windo lina kukhoma lakunja, lakumadzi, kuti mphepo izilowa. A Nesi ankangobweretsa madzi akumwa. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale anali ndi ufulu wonse wotero. Ntchito yomwe kale akanaimaliza dzuwa lisanafike pamutu inawatengera masiku, ndipo tsiku lililonse ankatsika pamakwerero nkhope itatuwa.

Tsiku lomaliza anthu anali atatopa n'kuonerera, moti tinatsala atatu. Achimwene anatsika, n'kupukuta manja pa buluku, n'kundiyang'ana.

"Lowatu, poti ukudwala."

Ndinaima njakata. Ndinayang'ana a Nesi, ndinayang'ana chitseko. Achimwene anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno.

"Iwe bodza sunalithe chiyambire uli mwana. Khala pabenchipo."

Anaika nyundo pawindo, n'kuchotsa pensulo kukhutu, n'kulowa. A Nesi anatseka chitseko.

Ndinakhala pabenchi paja. Kenako ndinadzuka n'kukagunditsa khutu kukhoma, ine amene ndinkanyoza a Wailesi. Ndinkafuna kumva kuti mlongo wanga akudwala chiyani, kuti a Nesi anena kuti chiyani, ngati chiyembekezo chilipo. Ndinamva fungo la phula, ndi mafunde kunja, basi. Ndinasuntha n'kuyesa pena, pomwe ndinkaganiza kuti thabwa ndi lopyapyala, koma panalibe ngakhale kunong'ona. Anakhalitsamo kwambiri.

Chitseko chitatseguka, a Nesi sanandiyang'ane kumaso. Anangoti mawa m'mawa pafunika bwato, ndipo iwo atiperekeza. Kuchipatala chachikulu anakatiuza kuti chotupa cha m'chikhodzodzo chafalikira, ndipo tikanabwera chitangoyamba akanatha kuchitapo kanthu. Tinabwerera nawo kunyumba ndi mankhwala opha ululu, ndipo mvula yotsatira sanaione. Lero amuna akuluakulu amalowa m'chipinda chimenecho n'kunena zonse, ena a iwo matenda omwewo, n'kutumizidwa kuchipatala nthawi ikadalipo. Ndimakondwera nawo, koma sindinama, pansi pamtima pamandiwawa.

Koma tsiku limenelo zonsezi tinali tisanazidziwe. Achimwene anatuluka akumanga lamba, n'kuima patsogolo panga. Anaona phula lomwe linandimata patsaya.

"Wamva chilichonse?"

"Ayi achimwene, sindinamve kanthu."

Anayang'ana khoma lija kuchokera pansi mpaka kudenga, n'kugwedeza mutu.

"Basi, ndakhoma bwino."

Anatenga nyundo pawindo n'kundipatsa kuti ndinyamule ine, poti inali itayamba kuwalemera.